Mpira Wabuluu ndi Diresi la Mayi Ozanne

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA BUNGWE LA MASEWERA A KROKE LA KU VAUCRELLE

Tsiku: Lamulungu, pa 4 Seputembala 1881
Malo: Chipinda chakuseri cha nyumba ya alendo ya Mayi Fauvel, kenako pakapinga wa bungwe
Nthawi yoyambira: 3 koloko masana

Opezekapo:
Bambo Anatole Tougard, dokotala wa ziweto, Wapampando
Mayi Léonie Fauvel, mwini nyumba ya alendo, Msungichuma
Bambo Prosper Vauquelin, wogulitsa mankhwala, membala, amenenso ndi wodandaula
Bambo Isidore Mauger, wowolotsa anthu pabwato, membala
Émile Anquetil, Mlembi

Oitanidwa:
Mayi Célestine Ozanne, wamasiye, mwini sitolo ya buledi, amene akudandaulidwa
Bambo Gaspard Thirel, wojambula zithunzi ndi penti wa ku Paris, amene akukhala panyumba ya alendo kuyambira mu Juni

Osapezekapo:
Bambo Mfumu Gosselin, amene anapepesa kuti ali ku ubatizo tsidya la mtsinje

1. KUTSEGULIRA

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo anapempha kuti munthu azilankhula akapatsidwa mpata. Anapemphanso kuti nyundo zamtengo zomenyera mpira zisiyidwe panja, popeza m'chipindamo munalibe mpira woti umenyedwe. A Vauquelin anakasiya yawo pakhonde. Mayi Ozanne anati yawo ndi yotsamira, ndipo anakhala nayo.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga zolembedwa za pa 7 Ogasiti. A Mauger anati mbuzi imene inadya maluwa a kumpanda si yawo koma ya mlamu wawo. Mlembi anakonza. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. DANDAULO LA BAMBO VAUQUELIN

3.1 Wapampando anakumbutsa komiti kuti Lamulungu pa 21 Ogasiti kunali masewera omaliza olimbirana chikho cha chaka chino. Mayi Ozanne anali ndi mpira wabuluu, a Vauquelin anali ndi wofiira, ndipo anapambana ndi Mayi Ozanne. Mawa lake a Vauquelin anadandaula kuti mayiwo anakoka mpira wawo ndi diresi, choncho chikho chinabwezedwa m'kabati ya Msungichuma mpaka nkhani itaweruzidwa. Mlembi anawerenga lamulo lachisanu la bungwe, limene limati mpira udutse pa tizipata tachitsulo pomenyedwa ndi nyundo yokha, ndipo wousuntha dala ndi phazi, dzanja kapena chovala achotsedwe m'bungwe.

3.2 A Vauquelin anafotokoza kuti masewera ali pafupi kutha, mpira wawo unathawira kumpanda wa maluwa aminga, kumapeto kwa kapinga. Ali komweko anatembenuka n'kuona mpira wabuluu m'munsi mwa diresi loyera la Mayi Ozanne, theka lake litabisika. Pobwerera anaupeza uli patali ndi mayiwo, utalunjika bwinobwino pa kachipata komaliza. Anati mpira ulibe miyendo. Anati kunali dzuwa lowala kwambiri, motero sakanaona molakwika. Anawonjezera kuti iwo alibe mawu ndi amayi kusewera, koma diresi lofika pansi likhoza kubisa ngakhale mwana wa nkhosa.

3.3 Mayi Ozanne anayankha kuti mpira wawo unagona molunjika kachipatako kuyambira pamene anaumenya, ndipo iwo sanauyandikire. Anati anaima malo amodzi kudikira kuti a Vauquelin amalize kulimbana ndi minga. Anati avala dala diresi lomwelo kuti komiti ione kuti lilibe mbedza kapena thumba. Anapempha kuti mawu otsatirawa alembedwe momwe anawanenera:

"Bambo Wapampando, chikhocho ine sindikuchilirira ayi, kwathu zomwera zilipo. Koma chiyambire tsiku lija, azimayi akabwera kudzagula buledi akumayang'ana chala changa pasikelo. Dzulo lomweli mkazi wa kalipentala wandiuza pagulu kuti, 'Célestine, epuloni yakoyo isayandikire sikelo, mwina nayonso imakoka.' Ena ayamba kuwoloka mtsinje kukagula tsidya lija. Mwamuna wanga anandisiyira zinthu ziwiri, uvuni ndi dzina. Uvuni ndimaukolezera ndekha. Dzinalo ndi limene ndadzera, ndipo sindituluka muno popanda ilo."

A Mauger anavomereza kuti azimayiwo amawawolotsa ndi iwo m'mawa uliwonse, ndipo anati buledi wa tsidya lija ndi wabwino kukhomera misomali.

3.4 Wapampando anafunsa ngati pali wina amene anaona chimene chinachitika. Msungichuma anati anthu onse maso anali pa a Vauquelin akukwawa m'maluwa, popeza zoterozo sizioneka sabata iliyonse. A Mauger anati iwo anakhala pampando pafupi ndi kachipata komaliza, koma anali akupumitsa maso. Mlembi anati iye anali atawerama patebulo akulemba zigoli. Wapampando anati iwo ankalankhula ndi mlimi wina za ng'ombe. Mboni sinapezeke.

4. CHITHUNZI CHA BAMBO THIREL

4.1 A Vauquelin anati ali ndi mboni imene sigona ndiponso siseka. Anakumbutsa komiti kuti masana amenewo a Thirel anaima kumapeto kwa kapinga, mbali yomweyo ya mpanda, akujambula masewerawo. Anapempha kuti chithunzicho chibwere. Msungichuma anawakumbutsa kuti mu Julaye, m'chipinda chomwecho, ananena kuti zithunzi za a Thirel zimaoneka ngati nkhuku yaponda penti n'kuyenda pansalu. A Vauquelin anati maganizo awo sanasinthe, koma mboni siyenera kukhala yokongola.

4.2 A Thirel anakatenga chithunzicho m'chipinda chawo ndipo anachiimika pamipando iwiri pafupi ndi zenera. Anachenjeza kuti penti sinaumitsitse, wina asachikhudze. Wapampando anauza Mlembi kuti alembe zimene zikuoneka. Zikuoneka ndi izi: kapinga wa bungwe dzuwa likuwala, mitengo ya maapulo, tebulo la zakumwa, amayi awiri atakhala pansi ndi maambulera, galu wa Bambo Mfumu, a Mauger pampando, chipewa chili kumaso, ndipo pakati pali mayi wa diresi loyera ataima, nyundo ili m'manja. Pakona ya kumanzere, m'maluwa, muli chinthu chakuda chimene onse anavomereza kuti ndi kumbuyo kwa a Vauquelin. Palibe nkhope imene ili ndi maso kapena mphuno. Wapampando anafunsa kuti chithunzicho chidzamalizidwa liti. A Thirel anati chinatha kale.

4.3 A Vauquelin analoza m'munsi mwa diresi loyera, pamene pali banga labuluu, ndipo anati mpira uja ndi umenewo. Kenako analoza pa kachipata komaliza, pamene Mayi Ozanne akuti mpira unagona, ndipo anaonetsa kuti palibe mpira uliwonse. Mlembi ayenera kulemba kuti zonse ziwirizi ndi zoona.

4.4 Wapampando anavala magalasi n'kuyandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda nsalu. Anati palibe mpira, palibe diresi, palibe ngakhale mayi, koma mizere ya penti ngati pa chisanza chopukutira maburashi. A Mauger, amene anali ataima pakhomo, anati Wapampando akulota, pakuti kuchokera pakhomopo akuona kapinga yense, mpaka akumva kutentha kwa tsikulo pamsana. Mamembala anayamba kusinthana malo, ena kuyandikira, ena kubwerera chambuyo, ndipo Wapampando anaponda phazi la Msungichuma. Mlembi atayesa anapeza kuti pafupi bangalo ndi mizere itatu ya burashi, koma pakhomo limaoneka lobulungira.

4.5 Msungichuma anapempha kulankhula. Anati bungwe lili ndi mpira wabuluu umodzi wokha, ndipo amausunga ndi iwo. Anati:

"Inu a Vauquelin, tayang'anani bwino. Pansi pa tebulo pali chabuluu. Pansi pa mpando wa madalawa, a Mauger, pali chabuluu. Galu wa Bambo Mfumu wakhalira ziwiri. Ngati chabuluu chilichonse ndi mpira, ndiye kuti inunso m'maluwamo mwaikira dzira labuluu, si ilo kumbuyo kwanuko?"

Wapampando anapempha bata. A Mauger anatuluka pang'ono kukatsokomola.

4.6 Wapampando anafunsa a Thirel kuti bangalo n'chiyani. A Thirel anati ndi mthunzi wa m'munsi mwa diresi, pamene nsalu inapindika. A Vauquelin anati mthunzi ndi wakuda, ndipo mwana aliyense wa sukulu amadziwa zimenezo. A Thirel anafunsa ngati a Vauquelin anayamba auyang'anapo mthunzi. A Vauquelin anati anaphunzira ku Rouen zaka zinayi, ndipo chinthu chodziwika kale sichifunika kuchiyang'ana. Anati mabanga enawo ndi kusasamala kwa wojambula, koma ili lokha analiona iwo ndi maso awo, tsiku lomwelo, chithunzi chisanathe n'komwe. Anati chithunzicho chikungovomereza zimene anaona.

4.7 Wapampando anafunsa a Thirel ngati pa kachipata komaliza panali mpira. A Thirel anati sakukumbuka. Anati iwo sawerenga mipira, amajambula kuwala, ndipo masana amenewo maso awo anali pa diresi, chifukwa dzuwa linkachita nalo zinthu zimene sizikanakhalitsa. Anati mwina mpira unalipo, koma pamalopo chithunzi sichinafune mpira. Apa Mayi Ozanne analankhula osapatsidwa mpata:

"Chithunzi sichinafune! Bambo inu, miyezi itatu mukudya buledi wanga. Galu munamujambula, chipewa cha munthu wogona munachijambula, ndiye kampira kamodzi kokha kanakulemerani?"

A Thirel anapepesa. Anati burashi ili m'thumba mwawo, ndipo ngati zingathandize akhoza kuujambulapo nthawi yomweyo. Msungichuma anati achite msanga. Mayi Ozanne anawaletsa:

"Bwezani burashiyo. Mukauikapo lero ndiye kuti ndausunthadi mpira."

A Thirel anabweza burashi.

5. GANIZO LA WAPAMPANDO

5.1 Wapampando anati chithunzicho sichikuweruza nkhani, ndipo iwo ali ndi ng'ombe yoyembekezera kubereka madzulo omwewo. Anapereka ganizo lakuti dandaulo lichotsedwe, chikho chisaperekedwe kwa aliyense chaka chino, ndipo Mayi Ozanne, mwa kufuna kwawo, apumeko pamasewera mpaka chaka chamawa. Anati motero palibe wochotsedwa, palibenso wochititsidwa manyazi. A Vauquelin anati chifukwa cha mtendere wa m'mudzi avomera. A Mauger anati nawonso avomera. Mlembi anayamba kulemba.

5.2 Mayi Ozanne anaimirira n'kugogoda pansi ndi nyundo kawiri. Anauza Mlembi kuti aimitse cholembera. Anati komiti ikalemba zimenezo ndiye kuti yalemba kuti iwo ndi wakuba amene wakhululukidwa, ndipo mawa mkazi wa kalipentala adzakhala atazimva mabelu a tchalitchi asanalire. Anati bola kuchotsedwa ndi voti kusiyana ndi kupuma kumeneko.

5.3 Mayi Ozanne anapereka ganizo lawo. Anati komiti ipite pakapinga. Iwo akaima pamene anaima tsiku lija. A Vauquelin akaima kumpanda atatembenukira kumaluwa. Msungichuma akasankha yekha kuika mpira wabuluu m'munsi mwa diresi kapena kusauika, kenako a Vauquelin akatembenuke n'kunena ngati mpira ulipo. Anati a Vauquelin akanena zolondola, iwo atuluka okha m'bungwe popanda voti, ndipo sadzayankhanso aliyense pa nkhani imeneyi.

5.4 Msungichuma anayesa kuwabweza. Zimene anakambirana awiriwa zikulembedwa popeza zinanenedwa mokweza:

"Célestine, khala pansi iwe. Ukufuna kupachika dzina lako pa mawu a munthu amene amajambula mitengo yofiirira?"

"Sindikulipachika pa iyeyo. Ine ndikudziwa chinthu chimodzi, mpira sindinaugunde. A Vauquelin si abodza, ndi ouma mutu chabe. Ngati akuti anaona chabuluu, chabuluucho chinalipo. Ndiye tiyeni tikachione."

"Nanga chikapanda kubwera?"

"Ndiye uzidzagula wekha buledi yense, Léonie."

A Vauquelin anathokoza chifukwa cha mawu akuti si abodza, ndipo anapempha kuti mawu enawo achotsedwe. Wapampando anati zonse zikhale. A Vauquelin anavomera ganizolo ndipo anati maso awo sanawanamizepo. Komiti inavomereza, anayi kwa mmodzi. Wokanayo anali Wapampando, chifukwa cha ng'ombe.

6. PAKAPINGA

6.1 Komiti inafika pakapinga 4 koloko itapitirira pang'ono. Kunali mitambo. Aliyense anaikidwa pamalo pake motsatira chithunzi. A Mauger anapatsidwa mpando pafupi ndi kachipata komaliza, ndipo a Vauquelin atafika kumpanda anavomereza kuti kuchokera kumeneko mpandowo ndi mwini wake amatchinga kachipatako, motero tsiku lija sakanaona ngati panali mpira kapena ayi. Anati zimenezo sizisintha chimene anaona pa diresi.

6.2 A Vauquelin anati palibe chodikira, ndipo Wapampando anagwirizana nawo. A Vauquelin anatembenukira kumaluwa. Msungichuma anawerama kutsogolo kwa Mayi Ozanne, n'kudzuka, n'kupatuka. A Vauquelin atatembenuka sanachedwe. Anati mpira palibe. Msungichuma anatulutsa mpirawo m'thumba la epuloni yawo. A Vauquelin anali atanena zolondola. Anasasa fumbi m'manja ndipo anafunsa Wapampando ngati pakufunikanso china.

6.3 Mayi Ozanne sanasunthe. Anafunsa a Vauquelin kuti m'chipinda muja ananena kuti tsiku la masewera kunja kunali kotani. A Vauquelin anati kunali dzuwa lowala kwambiri. Mayi Ozanne anawauza kuti ayang'ane kumwamba. A Thirel anati popanda dzuwa palibe mthunzi, ndipo ngakhale iwo pa tsiku lotere sagwira burashi. A Vauquelin anati pa mgwirizano sipanatchulidwe dzuwa. Mlembi atafunsidwa anavomereza kuti silinatchulidwe. Mayi Ozanne anati:

"Silinatchulidwe, inde. Mukafuna kupambana ndi mitambo, pambanani, ine ndituluka monga ndalonjezera. Koma mukadzafika kusitolo kwanu muzikanena kuti munandigonjetsa dzuwa litabisala."

A Vauquelin anayang'ana kumwamba. Kenako anati iwo sanapambanepo chinthu mozemba, ndipo adikira. Wapampando anati adikira mpaka belu la tchalitchi lilire 5 koloko, likangolira nkhani yatha monga momwe yakhalira.

6.4 Komiti inadikira. Msungichuma anabweretsa mpando kuti Mayi Ozanne akhalepo, koma anakana, akuti akakhala diresi lipindika mwanjira ina. Anaima chilili, manja onse ali pa nyundo. Anthu a m'mudzi amene ankachokera ku mapemphero a masana anayamba kuima kumpanda wa kumsewu, ndipo pakati pawo panali mkazi wa kalipentala. Wina anafuula kufunsa ngati Mayi Ozanne akujambulidwanso. A Mauger anayang'ana mitambo n'kunena kuti mphepo ikuchokera kunyanja, dzuwa silitulukanso lero, ndipo anapepesa mayiwo. Mayi Ozanne anati a Mauger abwerere kukapumitsa maso, popeza ndiyo ntchito imene anapatsidwa pachithunzi. Wapampando anatulutsa wotchi kangapo.

6.5 Belu litatsala pang'ono kulira, mitambo inang'ambika chakumadzulo ndipo dzuwa linagwa pakapinga. Msungichuma anathamanga, chinthu chimene komiti inali isanaonepo. A Vauquelin anatembenukira kumaluwa. Msungichuma anawerama kutsogolo kwa Mayi Ozanne monga poyamba, n'kudzuka, n'kupatuka. Wapampando anauza a Vauquelin kuti atembenuke.

A Vauquelin anayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pachipumi. Kenako anati:

"Ulipo. Si uwo, theka labisika, chimodzimodzi tsiku lija."

Wapampando anawafunsa ngati akutsimikiza. Anati akhoza kulumbira pamaso pa woweruza milandu. Mayi Ozanne anawafunsanso okha, mokweza kuti a kumsewu amve, ngati chimene akuonacho ndi chomwe anaona pa 21 Ogasiti. A Vauquelin anati ndi chomwecho.

Mayi Ozanne ananyamula nyundo n'kusuntha. Pamene anaimapo panali kapinga yekha. A Vauquelin anati aukokanso. Msungichuma anapisa dzanja m'epuloni, n'kutulutsa mpira wabuluu, n'kuukweza m'mwamba. Belu linalira mpirawo uli m'mwamba.

6.6 A Vauquelin anapempha kuti mayiwo abwerere pamalo paja. Anabwerera. Komiti yonse inapita kumpanda kukayang'ana. Mlembi akulemba chimene anaona: m'munsi mwa diresi loyera, mbali imene dzuwa silinkafika, pamene nsalu inapindika n'kugunda kapinga, panali mthunzi wobulungira waukulu ngati mpira, ndipo sunali wakuda. Unali wabuluu. Mlembi wakhala m'mudzi muno chibadwire, ndipo amayi ake anali ochapa nsalu zoyera, koma anali asanazionepo. Wapampando anati akuuona akavula magalasi. A Mauger anati akungoona kuti ali ndi ludzu.

A Vauquelin anayenda kupita pa diresi, kubwerera kumpanda, kupitanso. Anagwada n'kupapasa kapinga. A Thirel anawauza kuti m'mudzi monse muno ndi iwo okha amene anaona tsiku lija chimene wojambula anaona, ndipo ndi maso oterowo akanayenera kugwira burashi. A Vauquelin anapempha kuti mawu amenewa asalembedwe. Mlembi anali atawalemba kale.

7. CHIGAMULO

7.1 Komiti inabwerera m'chipinda. A Vauquelin anati akuchotsa dandaulo lawo. Mayi Ozanne anati dandaulo lisachotsedwe, liweruzidwe. Wapampando anaika nkhani pa voti: kuti Mayi Célestine Ozanne sanasunthe mpira, sanaphwanye lamulo lachisanu, ndipo ndi amene anapambana chikho cha 1881. Ovomereza anali anayi, wokana panalibe. A Vauquelin, pokhala wodandaula, analibe voti, komabe anakweza dzanja. Mlembi walemba anayi, ndipo akutchula dzanja lachisanulo pano.

7.2 A Vauquelin anaimirira n'kuyamba kupepesa. Mayi Ozanne anawadula mawu. Anati m'chipindamo mulibe amene amakayikira buledi wawo. Anati:

"Kupepesako mubwere nako mawa m'mawa kusitolo kwanga, nthawi imene mzere wafika pamsewu. Mubwere ndi kasikelo kanu ka mankhwala kaja, kamene anthu amati sikanama. Musankhe nokha buledi, mumuyeze azimayi akuona."

A Vauquelin anati sikelo ya mankhwala imayeza zinthu zazing'ono, buledi wathunthu sangakwanepo pokhapokha atadulidwa tizidutswa tambirimbiri.

"Ndiye mudula. Mpeni ndili nawo, nthawi muli nayo."

A Vauquelin anavomera. Komiti inatuma Mlembi kuti akapezekepo n'kulemba zotsatira.

7.3 Msungichuma anatulutsa chikho m'kabati n'kuchipereka. A Mauger anakumbutsa Mayi Ozanne kuti ananena kuti kwawo zomwera zilipo. Mayi Ozanne anati ichi si chomwera, chikakhala pafupi ndi sikelo.

8. LIPOTI LA CHUMA

Wapampando anati lipotili lidikire msonkhano wotsatira chifukwa cha ng'ombe. Mlembi anati linali lokonzedwa kale ndipo ndi lalifupi. Linasiyidwa.

9. ZINA NDI ZINA

9.1 Wapampando anati popeza nkhani yatha, a Thirel akhoza tsopano kujambula mpira pa kachipata komaliza, ndiponso, ngati penti yatsala, kuika maso pankhope za anthu. A Thirel anati za masozo sangachite. Za mpira anayang'ana Mayi Ozanne. Mayi Ozanne anati chithunzi chikhale momwe chilili.

9.2 A Vauquelin anapempha kuti chinthu chakuda cha m'maluwa chifufutidwe chithunzi chisanapite ku Paris. A Thirel anati sizingatheke, chifukwa chakudacho ndi chimene chikuchititsa kuti diresi liwale. Pempholo silinapeze wolichirikiza.

9.3 A Mauger anapempha kuti mpando wa pa kachipata komaliza uikidwe pamthunzi, wa mtundu uliwonse. Komiti inavomereza.

10. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Lamulungu pa 2 Okutobala 1881, 3 koloko masana, malo omwewa. Wapampando anatseka msonkhano 6 koloko isanakwane ndipo anatuluka mofulumira. A Vauquelin anatsalira pakhomo la chipinda akuyang'ana chithunzi, mpaka Msungichuma anawapempha kuti apatuke akufuna kusesa.

CHOWONJEZERA, MOTSATIRA 7.2

Lolemba pa 5 Seputembala Mlembi anafika kusitolo ya Mayi Ozanne m'mawa. Mzere unali utafika pamsewu ndipo unapitirira mpaka pachitsime, ngakhale ambiri sanabwere ndi madengu. A Vauquelin anafika ndi sikelo yawo m'bokosi. Anavula chipewa n'kunena mokweza kuti Mayi Ozanne sanasunthe mpira, ndipo iwo ndi amene anaona molakwika. Mayi Ozanne anavula epuloni n'kuipereka kwa mkazi wa kalipentala kuti awagwirire, kenako anaima pakhomo la uvuni, kutali ndi sikelo, manja ali kumbuyo.

A Vauquelin anasankha buledi wa kilogalamu imodzi pashelefu ya pansi. Anamudula n'kumuyeza kachidutswa ndi kachidutswa, nyenyeswa zomwe, Mlembi akuphatikiza. Buledi anapitirira kilogalamu ndi magalamu khumi ndi anayi. A Vauquelin anabwereza kuphatikizako okha ndipo anapeza chimodzimodzi. Analipira, n'kunyamula tizidutswa tonse m'chipewa.

Mkazi wa kalipentala anabweza epuloni ataipinda, ndipo anagula buledi awiri. A Mauger auza Mlembi kuti m'mawa umenewo bwato linawoloka ndi munthu mmodzi yekha, Bambo Mfumu Gosselin, amene ankabwerera kuchokera ku ubatizo uja ndipo anafunsa ngati pali chimene anaphonya.

Anatole Tougard, Wapampando

Émile Anquetil, Mlembi